Dziko la Malawi likufunika akatswiri a malamulo a anthu olowa ndi kutuluka

LILONGWE: Pamene boma linkabwezera anthu othawa kwawo ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa m'chaka cha 2023, nkhaniyi inali itadutsa kale kubwalo lalikulu la milandu, lomwe mu 2022 linachotsa chiletso choimitsa ntchitoyi. Mlanduwu unaonetsa kuti nkhani za olowa ndi kutuluka m'dziko sizithera pachipata cha Mwanza, Dedza kapena Songwe. Zimafika m'makhoti, ndipo kumeneko zimafuna maloya ozidziwa bwino.

Malamulo omwe akugwira ntchito ndi akale. Lamulo loona za olowa ndi kutuluka ndi la 1964, pomwe la othawa kwawo ndi la 1989, nthawi yomwe dziko lino linkasunga anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe chiwerengero chawo chinaposa 1 miliyoni. Lero zinthu zinasintha. Msasa wa Dzaleka, womwe unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 12,000, uli ndi anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda.

Loya wofuna kuzama pa ntchitoyi sangadalire malamulo awiriwa okha. Ayenera kudziwa pangano la United Nations la 1951, lomwe limaletsa kubweza munthu kudziko komwe moyo wake uli pachiswe, komanso zigawo zomwe Malawi anakana kuzitsatira mokwanira polowa m'panganoli mu 1987, monga ufulu woyenda ndi wogwira ntchito. Ayeneranso kudziwa lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu, chifukwa munthu wogwidwa alibe chiphaso nthawi zina amakhala wozembetsedwa, osati wolakwa. Mitembo 30 yomwe inapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu 2022, yomwe ikuganiziridwa kuti inali ya nzika za Ethiopia, ndi umboni wa kukula kwa vutoli.

Njira yofikira ntchitoyi imayambira pa digiri ya zamalamulo, monga ya ku University of Malawi ku Zomba, mpaka munthu atavomerezedwa kuimira anthu m'makhoti. Chovuta n'chakuti ofuna thandizo lotere ambiri ndi osauka. Loya wachinyamata amakopeka ndi milandu ya malo ndi ya makampani, komwe kuli ndalama. Komabe mwayi ulipo ku Legal Aid Bureau, ku Malawi Human Rights Commission, ku bungwe la UNHCR ndi la IOM, komanso pothandiza makampani kupeza zilolezo za ogwira ntchito akunja. Kuloledwa kwa unzika wa mayiko awiri, komwe Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2018, kunatsegulanso ntchito ina.

Kuphunzitsa ndi kuimira anthu pamilandu kuyenera kuyendera limodzi. Mphunzitsi amene anayankhulapo ndi mlendo wosungidwa kundende ya Maula kudikira kubwezedwa kwawo amaphunzitsa zomwe wazionera yekha. Nayenso loya wophunzitsa amakakamizika kuwerenga zigamulo zatsopano ndi kulemba, ndipo zolemba zake zingathandize a Law Commission pounikanso malamulo.

Boma lingapindule kwambiri ndi akatswiri otere. Ofisala wa nthambi yoona za olowa ndi kutuluka amene waphunzitsidwa bwino sangatsekere munthu mosatsata malamulo, zomwe zimapulumutsa boma ku zipukutamisozi. Nawonso Amalawi omwe amasungidwa ku Lindela m'dziko la South Africa chifukwa chosowa ziphaso amafuna akuluakulu odziwa kuwayankhulira.

Choncho unduna wa zachilungamo, unduna wa zachitetezo cha m'dziko, masukulu a zamalamulo ndi Malawi Law Society akuyenera kukhala pansi ndi kuona momwe phunziroli lingalimbikitsidwire, komanso momwe ogwira ntchito m'boma angapezere mwayi wolizama.