Dzino limadziwa bwanji pomera?

Sabata yatha ndikuphunzitsa za mano ku Fomu 3, mnyamata wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, dzino limadziwa bwanji pomera?" Anzake anafa nacho chiseko. Ine sindinaseke. Funsoli ndi lofunika kuposa kungoloweza kuti ana amamera mano 20, akuluakulu 32.

Mano amayamba kupangika mwana akadali m'mimba, mimba ili ndi masabata pafupifupi 6. Maselo a pamwamba pa nsagwada ndi a pansi pake amatumizirana mauthenga. Mauthengawo ndi mapuloteni monga BMP, FGF ndi Wnt. Puloteni ikafika pa selo, imalumikizana ndi cholandirira chake, ngati kiyi ndi loko wake. Apo selo limadziwa chochita: kugawikana kapena kuyamba kupanga dzino.

Puloteni ya EDA kapena cholandirira chake, EDAR, zikapanda kugwira ntchito, mwana amamera mano ochepa, osongoka, ndipo satuluka thukuta bwino. Mu 2018 madokotala a ku Erlangen, ku Germany, analengeza kuti ana atatu amene anapatsidwa puloteniyi asanabadwe ankatha kutuluka thukuta.

Kwathu kuno mwana wotere ena amati walodzedwa, ena amaloza chala amayi ake. Maganizo anga ndi akuti aphunzitsi anzanga tizifotokoza zimenezi m'kalasi, ngakhale zisabwere pa mayeso a MSCE. Ana tikuwaphunzitsawa ndi makolo a mawa. Akamvetsa lero, mawa adzathamangira kuchipatala, osati kukanamizira agogo ufiti.