Dotolo Wopanda Mkhalapakati

M'dziko la Amereka munthu akadwala sayamba wafunsa kuti dotolo ali kuti. Amayamba wafunsa kuti kampani yake ya inshuwalansi ilola kulipira chiyani. Mkhalapakati ameneyu satulutsa ndalama popanda mapepala. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2016 m'magazini ya Annals of Internal Medicine anapeza kuti pa ola lililonse limene dotolo akhala ndi odwala, amathanso pafupifupi maola awiri pa kompyuta ndi pa zolembalemba. Munthu amene anaphunzira zaka 11 chitsirizire sekondale, kuti achiritse anzake, wasanduka kalaliki.

Madotolo ena atopa nazo, natsegula tizipatala tawotawo mwa njira imene kumeneko amaitcha direct primary care. Wodwala amapereka ndalama yokhazikika mwezi ndi mwezi, kawirikawiri pakati pa madola 50 ndi 100, ndipo angathe kuonana ndi dotolo kapena kumuimbira lamya monga momwe afunira, osalipiranso. Dotoloyo satumiza kalata ya ngongole ku inshuwalansi. Dr. Garrison Bliss wa ku Seattle anali mmodzi mwa oyamba, m'chaka cha 1997. Dr. Josh Umbehr wa ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, anatsegula Atlas MD mu 2010, namagula mankhwala pa mtengo wopikulitsa ndi kuwapereka kwa odwala ake motsika mtengo.

Tiyeni tiwerengere, popeza aphunzitsi a masamu ali pakati pathu. Anthu 600 akamapereka madola 75 aliyense, ndiye kuti pa mwezi palowa madola 45,000. Pamenepo dotolo achotsepo lendi, malipiro a namwino, zida, ndi inshuwalansi yomuteteza akasumiridwa, pakuti Aamereka sachedwa kuthamangira ku bwalo la milandu. Zotsalazo zikwanira ndithu. Komatu anthu 600 sabwera tsiku limodzi. Miyezi yoyamba pa benchi pamakhala popanda munthu, pomwe mwini nyumba ndi amene anamkongoza dotoloyo ndalama za sukulu sadikira. Pali chinanso: akafuna kulandira ndalama mwachindunji kwa okalamba amene boma limawalipirira pansi pa Medicare, ayenera kutuluka m'ndondomekoyo kwa zaka ziwiri, ndipo izi zimamtsekera ganyu m'zipatala zambiri pa nthawi imene ganyuyo akanamthandiza kwambiri. Ngakhale Qliance, kampani imene Bliss anayambitsa ndi anzake mu 2007, yomwe Jeff Bezos anaikamo ndalama, inatseka mu 2017.

Ine ndikuti dotolo amene alimba mtima chotere sanalakwe. Wodwala shuga kapena mtima amafuna munthu womudziwa dzina, wokhala naye theka la ola, osati womuyang'ana mothamanga dzanja lili kale pa chitseko. Koma pali funso limene otamanda njirayi amalilambalala. Dotolo wamba kumeneko amasamala anthu 2,000 kapena kuposa. Akasankha 600, otsala 1,400 aja alowera kuti? Bungwe la sukulu zophunzitsa madotolo, Association of American Medical Colleges, linalengeza mu 2024 kuti pofika 2036 dzikolo lingaperewere madotolo a chithandizo choyambirira pakati pa 20,200 ndi 40,400. Oikira kumbuyo njirayi amayankha kuti dotolo wotopa amasiyiratu ntchito, kotero bola wosamala 600 kusiyana ndi wopita kukakhala kunyumba. Muli choona m'menemo, ngakhale sichitonthoza mayi amene wauzidwa kuti akafune dotolo wina.

Tsono tisaiwale kuti ndalama ya pamwezi ija silipira opaleshoni, kugonekedwa m'chipatala, kapena mankhwala a khansa. Munthu afunikabe inshuwalansi pa matenda aakulu, ndiye kuti alipira kawiri. Lamulo limene linasainidwa pa 4 July 2025 linalola kuti kuyambira mu January 2026 anthu azilipira dotolo wotere ndi ndalama zimene amasunga m'buku la zaumoyo losadulidwa msonkho, ngati mtengo sukupitirira madola 150 pa mwezi kwa munthu mmodzi. Lathandiza amene ali nacho chosunga. Wotsuka mbale m'hotela ya ku Wichita, amene malipiro ake amatha mwezi usanathe, bukulo alibe.