Zipolopolo 32, womwalira n'kukhala amene analibe mfuti

Atsikana anzanga, wina akadzakuuzani kuti wapolisi akawombera ndiye kuti waonetsetsa, mudzamufunse za Breonna Taylor.

Usiku wa pa 13 March 2020 ku Louisville, m'dziko la America, apolisi anathyola chitseko cha nyumba ya Breonna, mtsikana wa zaka 26 yemwe ankagwira ntchito kuchipatala. Chibwenzi chake, poganiza kuti ndi mbava, chinawombera kamodzi n'kulasa wapolisi pamwendo. Apolisi atatu anabwezera zipolopolo 32. Mwini mfutiyo sichinam'khudze n'chimodzi chomwe. Breonna, wopanda chida chilichonse, anafera pomwepo.

Luso lake ndi limeneli? Mfuti yam'manja si ngati za mufilimu zija ayi. Dzanja likangonjenjemera pang'ono, mumdima, mtima uli phaphapha, chipolopolo chimalowera kwina, ndipo mtunda ukatalika ndiye chimasocheratu. Apolisi amazidziwa bwinobwino zimenezi. Koma Brett Hankison anawombera ka 10 pawindo ndi pachitseko chagalasi, zonse zotchinga ndi makatani, osaona n'komwe amene akumuwombera.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mu September 2020 mlandu wokhawo womwe anatsegula unali wa Hankison, ati chifukwa zipolopolo zake zinalowa kwa aneba. Khoma la aneba linapeza wolilankhulira, thupi la Breonna ayi! Zinatengera mpaka 2024 kuti khothi limupeze wolakwa pophwanya ufulu wa Breonna.

Nanga Myles Cosgrove, yemwe FBI inati chipolopolo chake n'chimene chinamupha? Anangomuchotsa ntchito basi. Mu 2023 anamulembanso upolisi m'dera lina ku Kentucky komweko, mfuti m'chiuno.