NJIRA ZA M'MAPIRI A BLANTYRE

Munthu ali yense wokhala mu Blantyre, potuluka m'nyumba m'mamawa kunka ku nchito, amaona mapiri atatu amene azinga mzindawu: Michiru, Ndirande ndi Soche. Tsono ife tifuna kufunsa awerengi athu kuti kodi ndi angati mwa inu amene adakwerako ngakhale kamodzi kokha? Tikhulupirira kuti ndi owerengeka. Alipo amene akhala ku Chilomoni zaka zambiri, nabala ana, nakwatitsa, osaponda konse njira imene iyambira kuseri kwa nyumba zao.

Njirazo ziripo ndithu, ndipo siziri kutali. Phiri la Michiru, limene nsonga yake ifika mamita pafupifupi 1,470, liri ndi malo otetezedwa ndi Boma, ndipo m'menemo muli njira zazifupi zoyenera ana ndi okalamba, ndi zina zazitali zokafika pamwamba. Kuchokera ku Chilomoni kuli Njira ya Mtanda, imene Akristu amakwera napemphera, makamaka m'nyengo ya Pasaka. Wofika pamwamba amaona bwalo la ndege la Chileka pansi pake, ndi chigwa cha Shire, ndipo tsiku lopanda nkhungu amaonanso phiri la Zomba ndi la Mulanje. M'tchire la miombo ndi misuku muli anyani, apusi ndi mbalame za mitundu mitundu. Bungwe la okwera mapiri la Mountain Club of Malawi, limene linayamba m'chaka cha 1952, linakhazikitsa ulendo wokwera mapiri onse atatu tsiku limodzi m'nyengo yozizira, kuyambira usiku usanache kufikira dzuwa litapendeka.

Tidziwa chimene ena adzayankha. Adzati kukwera phiri popanda chokatenga ndi masewera a Azungu ndi anthu a ndalama, ndipo munthu amene wagwira nchito kuyambira Lolemba kufikira Loweruka ayenera kupumula. Mau amenewa tiwamva, pakuti kutopa kwa munthu wa nchito sikwabodza ai. Koma tiyang'ane m'mene ambiri a ife timapumulira. Lamulungu likafika timakhala pa mowa kuyambira m'mawa, ndalama za ufa nkuthera pomwepo, ndipo Lolemba tidzuka otopa koposa kale. Ulendo wa m'phiri ufuna nsapato zolimba, botolo la madzi ndi kamba pang'ono. Makolo athu anali kuyenda mitunda yaitali, nadziwa dzina la mtengo uli wonse ndi mankhwala ake. Mwana wobadwira m'tauni, ngati atate wake samtengera ku tchire, adzakula wosasiyanitsa muwanga ndi mombo.

Komatu nkhani iyi iposa ya kupumula chabe. Phiri la Ndirande linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1922, ndipo achikulire akumbukira kuti linali lakuda bii ndi mitengo. M'zaka za m'ma 1990 mitengoyo inadulidwa kufikira phiri linatsala lambee, ndipo dothi lake linayamba kukokolokera m'damu la Mudi, limene limwetsa mbali ina ya mzinda. Madzi ambiri a Blantyre amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, nakankhidwa ndi makina a magetsi kukwera chitunda mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo mtengo wake umagwera ife amene tilipira pa mpopi.

Za Soche sitifuna kukumbutsa zambiri, pakuti misozi yake siinaume. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoopsya, matope ndi miyala zinatsika m'phirimo usiku ndi kukwirira nyumba za ku Chilobwe ndi anthu ali m'katimo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo palibe anganene kuti mitengo ikadaletsa zonse; koma phiri lopanda mizu yogwira dothi, lokhala ndi nyumba m'mapewa mwake, silichedwa kugumuka. Madzi akatayika saoleka. Michiru ndilo linatsala ndi tchire lalikulu koposa anzake, ndipo nalonso nkhwangwa zalilowerera kwambiri m'zaka zapitazi.

Nkosabvuta kuloza chala munthu wootcha makala, koma tinene zoona: thumba limene iye amakankha pa njinga m'bandakucha amadzagulitsa kwa ife, ndipo nsima imene tidya madzulo iphikidwa pa mbaula. Iye ndi mmphawi wofuna kudyetsa ana ake, ndipo ife tigula chifukwa magetsi ndi odula, nthawi zina azima. Mlandu uwu ngwa tonse. Lamulo la nkhalango la chaka cha 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, koma lamulo lolembedwa pa pepala silingalondere phiri usiku ndi usana, ndipo alonda a Boma ndi ochepa.

Apa ndipo pali phindu la njira zija. Njira imene anthu ayendamo kawiri kawiri iri ndi maso ambiri. Wodula mitengo ndi wotchera misampha amakonda malo a zii, kumene palibe womuona. Munthu amene adakhalapo pa mthunzi wa mtengo wina ndi ana ake, akaupeza utasanduka chitsa mtima umamuwawa, ndipo sakhala chete. Anthu ambiri akamakwera, anyamata a m'midzi yozungulira angapeze ndalama poperekeza alendo, ndipo adzaona kuti mtengo uli chiriri uwadyetsa zaka zambiri, pamene wodulidwa uwadyetsa tsiku limodzi.

Chifukwa chake tipempha a Khonsolo ya mzinda ndi a Nthambi za Nkhalango ndi Nyama za Kutchire kuti alambule njirazi, aike zikwangwani m'chinenero chimene anthu amva, ndipo mtengo wolowera ukhale wotsika kuti wolandira malipiro ochepa athe kudza ndi banja lake lonse. Tipemphanso kuti alonda azioneka m'njiramo masiku opumula, popeza mantha a achifwamba aletsa ambiri, makamaka amai. Aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi a mabungwe a anchito akonze maulendo a magulu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kwa inu amene mudzayesa, malangizo athu ndi awa. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanakule, ndipo musayende nokha. Uzani wina kumene mwalowera. Musapatuke m'njira, musasiye mapepala ndi mabotolo, musaponye chotsalira cha fodya m'udzu, makamaka kuyambira Ogasiti kufikira mvula yoyamba, pamene tchire liuma ndipo moto suchedwa kugwira. Mvula ikagwa yambiri, lekani kukwera kufikira nthaka itauma.

Malipiro a mwezi uno akatuluka, patulani Lamulungu limodzi, mutenge ana anu mukawaonetse mzinda wao ali pamwamba pa Michiru.