Boti la mapasa kapena la thupi limodzi: lothamanga ndi liti?

Kuno ku Ndunde nyanja ili kutali, koma funso ili ndi Masamu ndi Physics zokhazokha.

Pa mpikisano wa maboti a matanga wa pa Nyanja ya Malawi, wa makilomita opitirira 500 kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, ambiri akhala akukwera ma catamaran, maboti a mapasa aja. Chifukwa chake n'chiyani?

Boti la thupi limodzi likamayenda limadzikumbira funde, ndipo limavutika kulikwera. Nthawi zambiri liwiro lake limathera apa: tengani square root ya kutalika kwake m'mafiti, muchulukitse ndi 1.34. Boti la mafiti 36 ndiye kuti ma knot 8, pafupifupi makilomita 15 pa ola. Komanso limanyamula chitsulo cholemera kunsi kuti lisagubuduke. Catamaran ilibe mtolo umenewu. Imakhazikika chifukwa chotangadza, ndipo matupi ake owonda amang'amba madzi ngati mpeni.

Umboni ulipo. M'chaka cha 2017, François Gabart anazungulira dziko yekha m'masiku 42 pa boti la matupi atatu. Charlie Dalin, pa boti la thupi limodzi, anatenga masiku 64 mu 2025.

Koma ine ndikuti tisathamangire kuombera m'manja. Amenewo ndi maboti a mpikisano. Catamaran ya paulendo mukailongeza madzi, mafuta ndi katundu, matupi owonda aja amamira ndipo liwiro limatsika. Polimbana ndi mphepo yochokera kutsogolo, nthawi zambiri la thupi limodzi limalunjika bwino. Chachikulu n'chakuti mwera ukaligwetsera chammbali, chitsulo chija chimalidzutsa. Catamaran ikatembenuka imakhala chomwecho, chadodolido. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Yankho langa: mapasa amathamanga akakhala opepuka ndipo mphepo ikuchokera m'mbali. Pa mwera wa mu July, ndi ana m'botimo, ine ndingasankhe lodzidzutsa lokha.

Pempho langa kwa inu aphunzitsi: ma square root tisamangowalemba pa bolodi ngati chilango cha MSCE. Tengani beseni, mabotolo awiri, timitengo ndi pepala la pulasitiki. Ana amange boti la botolo limodzi ndi la mabotolo awiri, aliuzire mphepo, kenako aikemo miyala. Akaona okha, sadzaiwala.

Amene mukugwira ntchito kunyanja, tiuzeni zomwe mwaona.