Tisanakwele Canter, tifunse za exhaust brake

Lusaka imatipusitsa cifukwa ilibe mapili. Kucoka pa msika wa Chilenje, kutsata Chilimbulu Road mpaka ku Kamwala, palibe mtsetse umene ungayese mabuleki a motoka. Canter ingatenge zaka ikunyamula mabuloko na mcenga muno m'tauni, mwini wake osadziwa kuti ili na vuto. Koma Canter imodzimodziyo ndiyo timacita haya tikafuna kupeleka malilo ku Nyimba, kukatenga cimanga ku Petauke, kapena kupita na kwaya ku Siavonga. Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kucoka pa nyanja yamcele. Luangwa Bridge na Chirundu zili pansi, ca m'ma 400. Ulendo uliwonse wopita kumeneko ni wotsika mamita oposa 800, kudutsa pa Manenekela mu Great East Road kapena pa Kapiri Ngozi mu mseu wa ku Chirundu. Dzina la Kapiri Ngozi likamba lokha.

Maganizo athu ni akuti motoka ya dizilo yonyamula katundu wolema kapena anthu siyenela kutsika mapili amenewa ngati exhaust brake yake sisewenza. Ndipo ife amene timalipila haya tili na ufulu wofunsa.

Buleki ya phazi imaimitsa motoka mwa kukwecesa ma lining pa dilamu, ndipo kukwecesako kumatulutsa moto. M'tauni dalaiva amaponda, n'kusiya, dilamu n'kuzizila. Pa mtsetse wa makilomita angapo, na matumba a cimanga kumbuyo, dilamu sipeza mpata wozizila. Ikapsa imafutukuka, ma lining amaleka kugwila bwino, ndipo mafuta a mabuleki angawile. Pamenepo phazi limafika pansi koma motoka osamva. Pa mathilaki a mabuleki a mphepo, kupondaponda kumatsiliza mphepo m'mathanki. Tikamamva kuti "mabuleki anakana", nthawi zambili mabulekiwo anali bwino pamwamba pa phili. Anapsela m'njila.

Dalaiva wa motoka ya petulo akasiya kuponda mafuta, kacitseko kolowetsa mphepo mu injini kamatseka, ndipo injini imagwila motoka. Injini zambili za dizilo zilibe kacitseko kameneko. Mphepo imalowa, pisitoni imaipanikiza, kenako mphepoyo imakankha pisitoni kubwelela monga sipuling'i, cakuti injini sigwila kwambili. Clessie Cummins, amene anayambitsa kampani ya injini za Cummins, anaziona yekha mu 1931. Potsika Cajon Pass ku California na thilaki ya dizilo, mabuleki anapsa ndipo anangotsala pang'ono kugunda sitima. Pambuyo pake anapanga buleki ya mu injini, imene kampani ya Jacobs inayamba kugulitsa mu 1961. Ndiyo Jake brake, ija imalila monga mfuti pa mathilaki aakulu ocokela ku Chirundu.

Exhaust brake ni mng'ono wake, ndipo ni yosavuta. Ni kacitseko kacitsulo mu paipi ya utsi, pafupi na injini, kapena pambuyo pa turbo ngati ilipo. Dalaiva akakoka swichi n'kucotsa phazi pa mafuta, kacitseko kamatseka, utsi umasowa potulukila, ndipo mapisitoni amavutika kuukankha. Kuvutikako kumafika ku mawilo a kumbuyo kudzela mu giya. Motoka imatsika pang'onopang'ono, mabuleki a phazi ali ozizila, okonzeka kugwila pa kona kapena ng'ombe ikalowa mu mseu.

Cokhumudwitsa n'cakuti ma Canter, ma Isuzu Elf na ma Hino ambili amene amacokela ku Japan kudzela ku Nakonde kapena ku Chirundu amabwela nayo kale. Imafela kuno. Mwaye umamata kacitseko, kapaipi ka vakyumu kamang'ambika, swichi ya pa kilachi imaleka kugwila. Kacitseko kakakanilila kali kotseka, motoka imasowa mphamvu, ndipo njila yacidule ni kukamanga na waya kuti kakhale kotseguka, kapena kukacotselatu. Motoka imayenda, mwini wake amakondwela, nkhani imathela pamenepo mpaka tsiku la ku Manenekela.

Eni mamotoka ali na zifukwa zawo, ndipo tiyenela kuzimva. Dizilo yadula, masipeya adula, ndipo makasitomala, ife amene, timanenelela mtengo mpaka mwini motoka atsale na zocepa. Ena amakamba kuti exhaust brake imadya mafuta. Si zoona: imasewenza pamene phazi lacoka pa mafuta, nthawi imene pampu yacepetsa kale dizilo yolowa mu injini. Ena amaopa kuti imaononga injini. Ya ku fakitale siononga, cifukwa inapimidwa molingana na injiniyo. Ponena za ndalama, kucotsa mwaye na kusintha kapaipi sikufika pa mtengo wa ma lining na madilamu amene amatha msanga cifukwa ca moto. Mtengo wa mabokosi a malilo sitiuwelenga n'komwe.

Koma mantha a kuononga injini ali na maziko ngati munthu aika exhaust brake pa motoka imene inalibe. Apa m'pofunika kusankha bwino. Mavalavu a utsi mu injini amatsekedwa na masipuling'i. Mphamvu ya utsi wotsekeledwa ikaposa mphamvu ya masipuling'iwo, valavu imatseguka pa nthawi yolakwika ndipo ingagundane na pisitoni. Ndiye cifukwa cake kacitseko kamakhala na kabowo kapena kampata kotulutsa utsi pang'ono. Ka thilaki yaikulu sikayenela kuikidwa pa Canter cabe cifukwa kanapezeka kochipa pa sikilapu. Pogula, tengani nambala ya injini, kaya ni 4D33, 4D34 kapena 4HF1, na kukula kwa paipi, mupeze kolingana nazo. Dziwaninso cimene cidzakakoka: mathilaki ang'ono ambili amasewenzetsa vakyumu, aakulu mphepo ya m'mathanki.

Poika, makanika asaiwale maswichi awili, ya pa mafuta na ya pa kilachi, kuti kacitseko kazitseguka kokha dalaiva akaponda cimodzi mwa izi. Popanda maswichiwa injini ingazime posintha giya, kapena dalaiva angaponde mafuta paipi ili yotseka. Polumikiza paipi pasakhale potulukila utsi, ndipo mawaya na mapaipi a labala akhale kutali na moto. Ngati motoka ni ya otomatiki, kapena injini yake imayendetsedwa na kompyuta, nchitoyo ifunika munthu wa magetsi a motoka amene ali na makina oyesela. Si ya kuyesa mwayi pansi pa mtengo.

Tisanamizane kuti kacitseko aka kamathetsa zonse. Sikaimitsa motoka, kamangoicepetsa liwilo. Kamagwila bwino injini ikamazungulila mwamsanga, conco dalaiva afunika kulowa giya yaing'ono asanayambe kutsika. Madalaiva akale amakamba kuti giya imene wakwela nayo phili ndiyo utsike nayo. Amene amaika motoka mu fili kuti asunge dizilo ataya zonse ziwili, injini na exhaust brake, ndipo liwilo likakwela giya imakana kulowa. Pa mseu wa mvula, makamaka motoka ikakhala yopanda katundu, ifunika kusamala cifukwa imagwila mawilo a kumbuyo okha ndipo motoka ingateleleke. Ndipo palibe buleki imene ingapulumutse Canter ya matani atatu imene yasenzetsedwa matani asanu.

Kuyesa sikutenga mphindi zisanu. Pa mseu wowongoka, motoka ili mu giya, dalaiva akoke swichi n'kusiya mafuta. Kalaiti kayake pa dashibodi, kulila kwa injini kusinthe, ndipo aliyense amene ali kutsogolo amve kuti motoka yagwidwa. A komiti ya malilo ku chalichi, acemani a pa lenki, amayi amene mumasonkha ndalama zokaoda tomato na nthoci, pemphani zimenezi musanapeleke dipoziti. Dalaiva wodziwa nchito sakhumudwa na funso limeneli. Ambili a iwo ni olembedwa cabe nchito, ndipo anauzapo kale abwana awo za vutoli koma osamvedwa. Kasitomala akafunsa, abwana amamva msanga.

A RTSA, bungwe limene linakhazikitsidwa na lamulo la Road Traffic Act la 2002, ndiwo amapeleka fitinesi. Pempho lathu kwa iwo ni lakuti motoka iliyonse imene inabwela na exhaust brake iziyesedwa kuti isewenza isanapatsidwe disiki, makamaka imene imanyamula anthu. Koma fitinesi imabwela pa nthawi yake, pamene malilo amabwela osapangana. Pa tsiku limene tikweza amayi athu na ana kumbuyo kwa Canter pa Chilenje, woyang'anila amene ali pafupi ni ife. Timafunsa kale za mtengo, za tenti na za malo oimapo kuti tidye. Tiwonjezepo funso limodzi: "A dalaiva, exhaust brake isewenza? Tiyeni tiimve."