NYANJA YATHU ISASAINIDWE MUMDIMA

Abale ndi alongo a m'midzi ya kugombe, asodzi, amai oyanika usipa pa thandala, ndi inu mafumu athu, tamverani. Nkhani ya mafuta a pansi pa nyanja ili ngati ng'ona: mukayesa yachoka, yangomiza mutu. Ife a nthambi ino tilankhula tsopano, pakuti ikadzabvuuka anthu a mapepala adzakhala atasaina kale.

Tiyambe ndi zimene zinachitika, kuti wina asadzati tikupeka. Boma linatenga mapu a dziko lino ndi kuwadula zigawo 6, monga alenje agawana nyama ya mvuu. Mu 2011, m'nthawi ya a Bingu wa Mutharika, kampani ya ku Britain yochedwa Surestream inapatsidwa zigawo 2 ndi 3, ndiwo madzi a kumpoto ndi a pakati pa nyanja. Mu 2012 SacOil ya ku South Africa inalandira chigawo 1. Mu 2013, m'nthawi ya Mai Joyce Banda, RAK Gas inatenga 4 ndi 5, ndipo Pacific Oil inatenga 6.

Tsono gwirani tsiku ili, muliuzenso ana anu: 12 Meyi 2014. Pa tsiku limenelo Boma linasaina ndi RAK Gas ndi Pacific Oil mapangano a kagawidwe ka mafuta, onena za gawo la kampani ndi gawo la dziko ngati mafutawo apezeka. Chisankho chinali pa 20 Meyi. Panatsala masiku 8 okha! Nyumba ya Malamulo inali itathetsedwa kale pa 20 Malichi, ndipo aphungu anali m'midzi mwathu muno kupempha mavoti. Nanga changu chimenechi chinali cha chiani? Ngati mafutawo alipodi, agona pansi kuyambira makolo athu asanaseme bwato loyamba. Kodi akanathawa m'masiku 8? Pamisonkhano ya kampeni tinamva za fetereza ndi za malata, koma palibe anatiwerengera ngakhale mzere umodzi wa mapanganowo.

Boma la a Peter Mutharika litalowa linaimitsa nchito yonse yofufuza mafuta mu Novembala 2014. Loya wamkulu wa Boma, a Kalekeni Kaphale, anaunika nkhaniyi napeza zokhota m'kaperekedwe kake. Koma pofika 2016 chiletso chija chinachotsedwa. Taonani, abale: maboma anasinthana, mitundu ya nsalu inasintha, koma njira inakhala yomweyo. Chotero ife sitiloza chala chipani chimodzi ai. Tiloza lamulo limene onsewo anayendera.

Lamulolo ndi la 1983, la masiku a chipani chimodzi, pamene kufunsa funso kunali mlandu. Linaika mafuta onse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a dziko lino, ndipo linapatsa Nduna mphamvu yopereka ziphaso. M'malo mwa anthu! Mau okoma ndithu. Koma kwathu kuno wotumidwa amabwerera kwa amene anamtuma kukanena zimene wamva, asanabvomere kanthu. Nkhoswe yolandira chuma mseri, eni mbumba osadziwa, timaichotsa unkhoswe.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Kuyambira 1892 Harry Johnston anali kupatsa azungu makalata otsimikiza kuti malo a kumapiri a Shire ndi ao, malo amene mafumu anapereka polandira nsalu ndi mikanda, osadziwa zimene pepala linali kunena. Ana a mafumu omwewo anadzuka ali alendo pa nthaka ya makolo ao, nagwira thangata zaka zambirimbiri. Pepala limene sunawerenge limamanga ndi zidzukulu zomwe.

Alipo ena amene amati ife tidana ndi chitukuko. Amati: kodi simuona mizere pa malo omwetsera mafuta? Tiiona bwino lomwe, pakuti injini za maboti athu sizimwa madzi. Koma atiuze zoona. Mafuta otuluka pansi sathiridwa m'galimoto; ayenera kuyengedwa, ndipo dziko lino lilibe fakitale yoyengera. Phindu lathu lonse likhala m'manambala olembedwa m'pangano, ndipo manambala amenewo ndiwo amabisidwa. Abale athu a ku Karonga akudziwa. Pa mgodi wa Kayelekera, pangano la 2007 linatsitsa msonkho wa pa miyala yogulitsidwa kuchoka pa 5 kufika pa 1.5 pa 100 iliyonse m'zaka zoyamba. Amene anasaina anali ochepa, koma dziko lonse ndilo linataya.

Ndipo ngozi ikagwa, igwera yani? Mu 2010 chitsime cha mafuta chinaphulika m'nyanja ya Gulf of Mexico. Anthu 11 anafa, ndipo mafuta anatayika masiku 87, pamenepo ndi ku America, dziko la ndalama ndi zombo ndi akatswiri osawerengeka. Imeneyo ndi nyanja yaikulu ya mchere, yotseguka. Yathu ndi mtsuko. Ili ndi khomo limodzi lokha, ndilo Shire pa Mangochi, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, osati poyenda. Cholowa m'menemo chikhalamo mibadwo. Mwera udzachikankhira kumpoto, mpoto udzachibweza, kufikira chitafika m'mabango mmene nsomba zimaswana. Chotsala chidzatsika ndi Shire mpaka pa Walker's Ferry, pamene a ku Blantyre amapopa madzi akumwa. Tsono anthu a m'tauni asayese kuti ili ndi bvuto la asodzi okha.

Mu 2012, a ku Tanzania atanena kuti kufufuzaku kuime chifukwa cha malire, tinauzidwa kuti nyanja ndi ya Amalawi onse, ndipo tiime nji pa pangano la 1890. Tinabvomera, ndipo tibvomerabe. Koma ngati nyanja ndi yathu pokangana ndi anansi, ikhalenso yathu posaina.

Ife malamulo a nyanja sitiwaopa. Ku chilumba cha Mbenji, Mfumu Makanjira imatseka usodzi m'dzinja, ndipo tsiku lotseka ndi lotsegula limalengezedwa poyera, anthu onse akumva. Msodzi wogwidwa ndi ukonde woletsedwa amalandidwa ukondewo pamaso pa mudzi. Ngati lamulo la ukonde umodzi linenedwa pabwalo, nanga lamulo la chitsime chobowola pansi pa chambo chonse lilembedwerenji m'chipinda chotseka?

Chifukwa chake nthambi ino ikuti: pasaperekedwe chiphaso china cha pa nyanja kufikira lamulo litanena momveka kuti pangano lililonse la mafuta liyambe lawerengedwa m'Nyumba ya Malamulo, aphungu atakhala pansi, ndipo limasuliridwe m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitonga, m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, liwerengedwe pa madoko mafumu alipo. Lamulolo liletsenso Nduna kusaina pamene Nyumba yathetsedwa. Kampani isungitse ndalama zokonzera ngozi isanakhome chitsulo chilichonse m'madzi.

Mlembi wa nthambi adzayenda ndi kalata ya mau amenewa m'madoko athu onse. Wodziwa kulemba alembe dzina lake, wosadziwa adinde chala, ndipo tidzaipereka m'manja mwa phungu wathu pabwalo la mfumu, masana.